Mwana akatentha thupi kwa Kachindamoto, mayi ndi dokotala amamvana?

Munthu akanyamuka pa Masasa m'mamawa atavala juzi, n'kutsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere, amafika pa Golomoti juziyo ili m'manja. Kumtunda ndi kumunsi n'kosiyana kutalitali. Kumtunda n'kwa mbatata ya kachewere, kabichi ndi chifunga. Kumunsi, m'dera la Inkosi Kachindamoto m'boma la Dedza, n'kwa milambe, thonje, mpunga ndi udzudzu. Mitsinje ya Livulezi, Namikokwe ndi Nadzipokwe imatsika m'mapiri mwaliwiro, koma ikangofika pachidikha imayamba kuyenda mwaulesi polowera kunyanja, ndipo nyengo yadzinja imasiya zithaphwi paliponse. Onjezerani minda ya mpunga ya sikimu ya Bwanje Valley, mahekitala 800 omwe anakonzedwa ndi thandizo la dziko la Japan, komanso madambo a m'mbali mwa nyanja. Udzudzu suvutika kupeza poikira mazira kuno.

N'chifukwa chake kuyambira Januwale mpaka Epulo mabenchi a pachipatala cha Mua, pa Mtakataka, pa Golomoti ndi pa Nakalanzi sazizira. Amayi amafika kusanache, ena pa kabaza, ena wapansi, mwana ali kumsana atamufunditsa chitenje chachiwiri ngakhale kunja kukutentha, poti akunjenjemera. Mzere ukayamba kuyenda, zokambirana za m'kachipinda koonera odwala zimangofanana, chipatala chilichonse chomwe mungapite m'dziko muno.

"Mayi, mwana watani?"

"Malungo, adokotala."

"Wayamba liti?"

"Papita nthawi ndithu."

"Dzulo? Dzana?"

"Chibwerereni bambo ake kunyanja."

Adokotala, omwe kawirikawiri amakhala kiliniko ofesa kapena mediko asisitanti, amasuzumira pakhomo n'kuona mzere wakafika pansi pa mtengo. Amalemba mizere itatu ya Chingerezi chodula m'kabuku ka kuchipatala n'kuloza koyezetsa magazi. Mayi uja amatuluka asananene kuti usiku mwana anatembenuza maso, kuti chiyambire dzulo akukana bere, ndiponso kuti wamumwetsa kale theka la panado ndi madzi a masamba omwe agogo ake anaphika. Si kuti wabisa dala ayi. Sanafunsidwe, ndipo kwathu kuno wamkulu akakufunsa chimodzi sumuyankha zisanu.

Nkhani ya malungo timakonda kuikamba ngati ya masikito, mankhwala ndi mafuta a ambulansi. Zonsezo n'zofunikadi. Koma pakati pa mwana wodwala ndi mankhwala oyenera pamakhala mphindi ziwiri zitatu za kucheza, ndipo chithandizo chonse chimatsamira pa zomwe zanenedwa, kapena zatsalira m'kamwa, pa mphindi zimenezo.

Chisokonezo chimayambira pa dzina la nthendayo. Dokotala akati malungo, akunena nthenda imodzi yokha, ya tizilombo ta Plasmodium tomwe udzudzu waukazi wa Anopheles umasiya m'magazi. Mayi akati malungo, akunena zomwe akuona ndi kukhudza: thupi lamoto, kuzizidwa, kuphwanya kwa m'thupi, litsipa, kufooka. Kumudzi kuli malungo obwera chifukwa chovumbwa ndi mvula, a kutopa ndi khasu, a kudya mondokwa kapena mango osapsa, ndi ena omwe sanenedwa mokweza chifukwa akuganiziridwa munthu. Tisafulumire kuseka. Mvula, mondokwa ndi udzudzu zimabwera nyengo imodzi, choncho amene anaziphatikiza anali ndi maso, kungoti pogwira wolakwa anagwira mnzake woyandikana naye.

Achipatala nawo anathandizira kusokonezako. Kwa zaka zambiri ndondomeko inali yakuti mwana aliyense wotentha thupi apatsidwe mankhwala a malungo ngakhale osayezedwa, poti maikulosikopu inali m'zipatala zowerengeka. Mankhwalawo anali chloroquine mpaka 1993, pamene Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kutenga Fansidar. Mu 2007 kunabwera LA. Agogo ndi amayi a lero anakula akudziwa kuti thupi likatentha, kuchipatala amati malungo n'kukupatsa mapiritsi, nkhani n'kuthera pomwepo. Zinadzasintha mu 2011, tizipangizo toyezera malungo pompopompo titafalikira m'zipatala.

Kachipangizoko n'kapulasitiki koyera, kokhala ndi timabowo ndi kawindo. Woyeza amapukuta chala cha mwana ndi thonje la sipiriti, amabaya pang'ono, amatapa kadontho ka magazi n'kuika pakabowo kamodzi, kenako n'kudonthezera mankhwala amadzi pakabowo kenako. Mwana amalira, mayi amamutonthoza, ndipo onse amadikira mphindi 15 kapena 20. Mizere iwiri ikatuluka pakawindo paja, tizilombo tilimo. Ukatuluka umodzi, mulibe. N'kachipangizo kabwino, kapulumutsa LA wambiri yemwe akanamwedwa pachabe. Koma kamayankha funso limodzi basi. Chibayo sikachidziwa. Taifodi, mafinya a m'khutu, chikuku, matenda a m'chikhodzodzo ndi nthenda youmitsa khosi sikazidziwa, chonsecho zonsezi zimatenthetsa thupi.

Ndiye taganizirani mayi amene wachezera usiku wonse, mwana thupi lili juu, akuuzidwa kuti, "Mayi, mwanayu alibe malungo." M'makutu mwake zimamveka ngati akumutsutsa, kapena ngati mankhwala alipo koma akumumana. Amayankha mwaulemu kuti, "Chabwino adokotala," n'kutuluka. Madzulo mumupeza pagolosale akugula mapiritsi, m'mawa mwake ali kwa asing'anga. Akanauzidwa kuti, "Kutenthaku ndakuona, mwana akudwaladi, koma tizilombo ta udzudzu mulibe, tiyeni tifufuze china," bwenzi atakhazikika pampando n'kunena zonse. Kuyeza magazi sikunachepetse ntchito yofunsa. Kunaiwonjezera, chifukwa mwana aliyense wa mzere umodzi nthenda yake iyenera kupezeka ndi mafunso, maso ndi makutu.

Vuto lomweli ena analimbana nalo kutali kwambiri ndi nyanja yathu. Kumapiri a Sierra Madre ku Mexico, m'mudzi wa Ajoya m'chigawo cha Sinaloa, mphunzitsi wa ku America David Werner anagwira ntchito yazaumoyo kuyambira m'ma 1960 pakati pa alimi omwe dokotala ankangomumvera mbiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 analemba buku m'Chisipanishi, Donde No Hay Doctor, lomwe linatuluka m'Chingerezi mu 1977. Lero lili m'zinenero zoposa 80, ndipo m'Chichewa limatchedwa Pamene Palibe Dokotala. Mphamvu ya bukuli ili pa komwe linayambira. Wophunzira udokotala m'Chisipanishi amaloweza kuti kutentha thupi ndi fiebre, malungo ndi paludismo. Mlimi wa ku Sinaloa amati ali ndi calentura, ndipo ali ndi mayina akeake a nthenda, monga empacho ndi susto, omwe pamayeso a kuyunivesite sabwera. Werner sanawanyoze mayinawo. Anapatula mutu wathunthu wa nthenda zomwe anthu amazisokoneza, n'kuonetsa kuti dzina limodzi lakumudzi likhoza kufunditsa nthenda zingapo zofuna mankhwala osiyana.

Chitsanzo chimodzi chingadabwitse agogo a kwathu kuno. Amayi a ku Mexico amaopa chomwe amachitcha caída de la mollera, kugwa kwa liwombo, ndipo ali ndi njira zawo zolikwezera, monga kukankha ndi chala kumtunda kwa m'kamwa mwa khanda kapena kuligwira miyendo mutu uli pansi. Kwathu timamata mankhwala akuda paliwombopo. Onsewa aona chinthu chenicheni. Liwombo limalowadi mwana akatha madzi m'thupi chifukwa chotsegula m'mimba kapena kusanza, ndipo chofunika pamenepo ndi bere, Thanzi, ndi kuthamangira kuchipatala. Likatukuka n'kulimba, thupi lili lotentha, ikhoza kukhala nthenda youmitsa khosi, yomwe sidikira mawa. Namwino amene angayambe ndi kukalipa kuti, "Mwamumata chiyani mwanayu?" watseka pakamwa pa mboni yokhayo yomwe inalipo usiku. Amene angafunse kuti liwombolo layamba liti kulowa, ndipo mwana wakodza kangati chikuchere, wapeza zomwe kachipangizo kaja sikakanamuuza.

Ku Mua, kuphunzira chilankhulo cha wodwala kunayamba chipatala chenichenicho chisanamangidwe. Ansembe a White Fathers anafika mu 1902, ndipo lamulo lomwe Cardinal Lavigerie, woyambitsa chipani chawo, anawasiyira linali lakuti mmishonale aphunzire msanga chinenero cha eni dziko, asamadalire womasulira. Tsidya lina la nyanja, pa Cape Maclear, malungo anali atathamangitsa kale amishonale a ku Scotland omwe anamanga Livingstonia yoyamba mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, atasiya manda. Chida cha azungu onsewo chinali kwinini, mankhwala owawa ochokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa kumapiri a Andes, lomwe linafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600 kudzera mwa Asipanishi ndi ansembe a chipani cha Jesuit. Ku Mua masisitere anadzabwera n'kuyambitsa chipatala, ndipo mu 1927 kunatsegulidwa malo osamalirako akhate. Wakhate sachira ndi jekeseni imodzi. Ankakhala pamishoni zaka, ndipo womusamalira sakanachitira mwina koma kumva chilankhulo chake.

Amishonalewo anali ndi zolinga zawo, ndipo gule wamkulu analimbana naye kwa zaka zambiri, anthu a ku Mua akudziwa. Koma pa chinenero sanachite ulesi. Bambo Claude Boucher a ku Canada, omwe anafika m'Malawi mu 1967 n'kupatsidwa mfunda wa Chisale, anatsegula malo a zachikhalidwe a Kungoni pa Mua mu 1976, ndipo pamalopo m'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare muli zigoba za gule mazanamazana pamodzi ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira pakubadwa mpaka pamaliro. Ine ndikanakhala woyendetsa zaumoyo, namwino aliyense wotumizidwa kuderali akanayamba wathera tsiku limodzi mmenemo asanagwire jekeseni. Akanatuluka akumvetsa chifukwa chake gogo amanong'ona za tsempho mwana akatupa miyendo, ndipo akanadziwa poyambira kukamba za kunyentchera popanda kutukwana banja lonse.

Lero dokotala ndi mwana wakwathu konkuno, ndiye ambiri timaganiza kuti vuto la chinenero linapita ndi azungu. Silinapite. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Kumeneko, ku Malawi College of Health Sciences ndi m'sukulu za anamwino, mabuku ndi mayeso zonse ndi za m'Chingerezi. Wophunzira amatuluka akudziwa dzina la fupa lililonse, koma mawu ofunsira gogo za chimbudzi chake mosamuchititsa manyazi amakawatola yekha mu wodi. Wa ku Chitipa kapena ku Nsanje akatumizidwa ku Mtakataka, Chichewa cha pamsika amachidziwa bwinobwino. Koma msodzi wachiyao ululu ukamukulira amabwerera ku chinenero cha mayi ake, ndipo nkhalamba ya ku Golomoti ikati "mtima ukundiwawa" nthawi zina imaloza pachifu.

Dziko la South Africa limationetsa kuti boma likafuna, chinenero limachiphunzitsa. Pansi pa mgwirizano womwe Nelson Mandela ndi Fidel Castro anapanga m'ma 1990, achinyamata ochokera m'madera osauka amatumizidwa ku Cuba kukaphunzira udokotala. Chaka choyamba chimathera pa Chisipanishi ndi maphunziro okonzekera, kenako zaka zisanu za udokotala m'chinenero chomwecho, ndipo akabwerera kwawo amakhalanso miyezi 18 pa yunivesite akuzolowera ntchito m'Chingerezi. Chaka chathunthu chimalipiridwa kuti wophunzira amve mphunzitsi wake. Kwathu kuno, kuti wophunzira amve wodwala wake, amasiyidwa aone yekha. Masisitere a Carmelite Missionaries, chipani chomwe chinayambira ku Spain, anayenda njira yobwerera: a ku Spain omwe anadzatumikira pa chipatala cha Mtengowanthenga ku Dowa Chisipanishi chawo chinalibe ntchito mu wodi, anachita kuphunzira Chichewa.

Abale athu a ku Joni ululu wosamvana amaudziwa bwino. Kufotokoza kuphwanya kwa m'thupi ndi Chingerezi cha kuntchito kapena Chizulu cha m'takisi si masewera. Ndipo pali chiganizo chimodzi chomwe chimapulumutsa moyo kumeneko: kunena kuti wangochokera kumene ku Malawi. Mu Johannesburg malungo safalikira, choncho wachipatala akhoza kuganiza za chimfine, pomwe munthu wanyamula tizilombo kuchokera ku Mtakataka komwe anakadyera Khirisimasi.

Mawu oopsa kwambiri m'kachipinda kaja ndi akuti "anakomoka". Akhoza kutanthauza kuti mwana anauma n'kumagwedezeka, maso atatembenuka, thovu lili kukamwa. Akhoza kutanthauza kuti anangolefuka osadzutsika. Makolo ena sawatchula n'komwe, poopa kuti mwana angatchuke wakhunyu, kapena poganiza kuti zimenezo n'za kwa asing'anga, si zachipatala. Koma kwa dokotala kukomoka kwa mwana wotentha thupi ndi belu la malungo aakulu, ofunika jekeseni wa artesunate ndi kugonekedwa, osati LA wokamwera kunyumba. Ku Queen Elizabeth Central Hospital, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anaona kuti muyeso wa kukomoka wa akuluakulu sugwira pa ana omwe sanayambe kulankhula, ndipo mu 1989 anatulutsa wawo, wodziwika padziko lonse kuti Blantyre Coma Scale. Umayang'ana zinthu zitatu: ngati maso a mwana akutsata nkhope ya mayi ake, kaliridwe kake, ndi zomwe amachita akamva ululu. Malikisi ake amayambira pa 0 kufika pa 5. Muyesowo umanena za mwana mmene alili pa bedipo. Za usiku wathawu, kuti anagwedezeka kangati ndipo kwa nthawi yotalika bwanji, mwini nkhani ndi mayi.

Palinso zina zomwe ulemu wathu umaphimba. Mayi wa mimba yaing'ono saulula, makamaka kwa mnyamata wovala gawuni yoyera wa msinkhu wa mwana wake, chonsecho alipo mankhwala omwe woyembekezera sayenera kumwa. Likodzo, lomwe ndi lofala m'mbali mwa nyanja, mnyamata amalinena akuseka, koma mayi amangoti "m'mimba" kapena "msana" n'kuwerama. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma kuchipatala chitsekocho chimalemera ngati kunja kwake kuli anthu akumvetsera, ndipo womasulira ndi mlonda kapena mwana wa wodwalayo. Pa Mua pomwepo pali sukulu ya ana osamva. Ana amenewo nawo amadwala malungo, amakula, amakwatiwa, amakachira kuchipatala. Ndi achipatala angati m'dziko muno amene angafunse wosamva kuti kukupweteka pati ndi chinenero cha manja?

Kulankhulana sikuthera pa kupeza nthenda. LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, kasanu ndi kamodzi pamodzi, ndipo ulendo wachiwiri umabwera patatha maola 8 chimwereni woyamba. Chiwerengero cha mapiritsi chimatsata sikelo: limodzi kwa mwana wosafika makilogalamu 15, awiri mpaka 24, atatu mpaka 34, anayi kwa wamkulu. Amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi bere, mkaka kapena chakudya cha mafuta, monga phala lansinjiro. Zonsezi zimanenedwa pawindo la mankhwala mothamanga, wina akukankha kumbuyo. Tsiku lachiwiri mwana amadzuka n'kuyamba kusewera, ndipo mapiritsi otsala amalowa m'kachikwama kudikira mkulu wake akadzadwala. Tizilombo totsalira timabwereranso patatha masabata, mayi n'kumati mankhwala a masiku ano n'ngosalimba. Njira yotchipa ilipo: wopereka mankhwala afunse kuti, "Mayi, tandibwerezerani, mukamumwetsa bwanji?" Sizitenga ndi mphindi yomwe.

Pa onse ogwira ntchito yazaumoyo, amene amaiponda bwino nkhaniyi ndi alangizi azaumoyo a m'midzi, omwe kuyambira mu 2008 anayamba kuyendetsa tizipatala ta m'midzi ta ana osakwana zaka zisanu m'madera otalikira chipatala. Sukulu yawo ndi yochepa poyerekeza ndi ya dokotala, koma amadziwa kuti "chibwerereni bambo ake kunyanja" ndi Lachitatu, chifukwa bambowo anakumana nawo panjira. Amawerenga kupuma kwa mwana ndi wotchi: kukafika ka 50 pa mphindi kwa wa miyezi 2 mpaka 11, kapena ka 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu, akudziwa kuti ndi chibayo, n'kumufotokozera mayi ndi mawu akumudzi. Sukulu zophunzitsa madokotala ndi anamwino zikanachita bwino kuitana alangizi oterewa kudzaphunzitsa, ndi kuika mayeso ofunsa wodwala m'Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka, omwe wolephera asamalandire satifiketi.

Pomwe tikudikira zimenezo, inu amayi ndi abambo a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, musadikire kufunsidwa. Mukalowa kwa adokotala nenani tsiku lomwe thupi linayamba kutentha, ngati mwana akuyamwa kapena kumwa, ngati akusanza chilichonse, ngati anakomoka, ndi zonse zomwe mwamumwetsa kale, za m'golosale ndi zachikuda zomwe. Akakuuzani kuti malungo mulibe, funsani kuti nanga chikumutenthetsa n'chiyani, ndipo mubwerenso liti akapanda kusintha. Mwana amene wakomoka, wakana bere, akusanza chilichonse, wauma khosi kapena akubanika popuma, musamugoneke kuti muone m'mawa. Nyamukani naye usiku womwewo.